Magolovesi Amene Ndinaveka Twaibu

Ana anga, Tiyamike ndi Madalitso, mwakhala mukundifunsa kuti zinatheka bwanji kuti munthu ngati ine, amene sindinamenyepo munthu chibadwire, ndithe zaka zonse za ntchito yanga pakati pa anthu oponya nkhonya. Mayi anu akanakhalapo akanakuyankhani bwino, poti iwo ankaziona ataima chapatali pang'ono. Tsopano m'banja mwathu woikumbukira nkhaniyi ndatsala ndekha, ndiye ndati ndiilembe manja asanayambe kunjenjemera. Ndimalemba m'mawa ndikatha kupemphera, pakhonde, dzuwa lisanafike pa tebulo. Nthawi zina cholembera chimangoima, ndipo ndimapezeka ndikuyang'ana pabwalo, ndikumva fungo la chikopa chonyowa ndi thukuta, chonsecho pakhomo pano palibe golovesi ngakhale limodzi.

Ku Chowe, chaka changa choyamba pa ntchito

Boma linanditumiza ku Chowe kuti ndikathandize pa za masewera a achinyamata. Ndinachoka kwathu ku Ntcheu ndi sutikesi imodzi, Baibulo ndi wezulo, ndikuganiza kuti ndikukaphunzitsa mpira. Kumeneko ndinapeza bwana wanga woyamba, a Sajeni Matope, msilikali wopuma, wamfupi, wa khosi lalikulu ndi mphuno yopendekera kumanzere. Za mapepala anga a sukulu sanafunse. Anatsegula bokosi lachitsulo limene ankalisunga pansi pa tebulo, natulutsamo mapeyala atatu a magolovesi, nawandanda pa benchi.

"Kamwendo, tseka maso," anatero. "Maso amakonda zonyezimira. Zinthu izi timasankha ndi manja."

Ndinatseka. Anandiveka oyamba, opyapyala ngati nsapato za mwana. "Awa ndi a thumba. Thumba silimva kuwawa, lilibe mkazi, lilibe ana." Anandiveka achiwiri, okulirapo pang'ono. "Awa ndi nambala 10, a tsiku la mpikisano, pamene pali dokotala pafupi ndipo onse awiri alonjezana kupwetekana." Kenako anandiveka achitatu. Manja anga anagwera pa mawondo ndi kulemera kwake, ndipo m'katimo munali mofewa ndi mofunda ngati mwalowa m'mtanda wa buledi. "Awa ndi nambala 16, oyeserera ndi mnzako. Awa suvalira iwe ayi. Umavalira nkhope ya mnzakoyo, kuti mawa adzabwerenso."

Zaka zisanu zimene ndinakhala nawo, a Sajeni anandiphunzitsa zambiri za magolovesi kuposa za nkhonya. Nambala ya kulemera kwake yolembedwa pamkono sankaikhulupirira. Nyengo yogula chimanga ikafika tinkanyamula bokosi lonse kupita nalo ku sikelo ya pamsika, anthu akutiseka, kukayeza limodzilimodzi. Anandionetsa mmene amadziwira golovesi lakufa: umalivala, n'kufumbata nkhonya, n'kudina kunja kwake ndi chala chachikulu cha dzanja linalo. Ukatha kuwerenga mafupa a zala zako kudzera m'chikopamo, ndiye kuti latha, ngakhale likuoneka latsopano. Ankayang'ananso ngati chala chachikulu cha golovesi chasokedwera ku thupi lake, chifukwa chala chotayirira chimakalowa m'diso la munthu. Achikopa ankawakonda kuposa apulasitiki, ati chikopa chimapuma. Omanga ndi zingwe ankawakonda kuposa omata, ati amagwira mkono bwino, koma chifukwa chenicheni ankachinena akuseka: "Omata ndi a munthu wopanda abwenzi."

Kusowa kunalipo. Amuna makumi awiri ankasinthana mapeyala anayi. Mabandeji omanga m'manja tinkachita kung'amba ku zitenje zakutha. Thumba lathu linali la chimanga, lothiridwa utuchi ndi mchenga, lopachikidwa pa mtengo wa mango. Koma ndikamakumbukira Chowe, kusowako sindikuona. Ndimaona nkhungu ikutsika m'mapiri m'mawa, ndi amuna akudumpha chingwe m'kati mwake, miyendo yokha ikuoneka, ngati anthu opanda mitu. Ndimaonanso mtsikana wa m'kwaya ya kumpingo kwathu, mwana wa telala, amene tsiku lina anadutsa ndi ndowa pamutu, nayang'ana golovesi limene ndinkalisoka ndi singano yosokera matumba, nati, "Aphunzitsi, mukulisoka kapena mukulilanga?" Anatula ndowa, nalitenga, nalibweza mawa lake atasoka nsalu yatsopano m'kati. Ameneyo anali Esinati, mayi anu.

Ku Nkope, zaka za pakati

Atandisamutsira ku Nkope, a Sajeni anandipatsa peyala imodzi ya nambala 16, yakuda, yachikopa, ngati yonditsanzikira. Ina yofanana nayo mayi anu anaipeza pa kaunjika ku Mangochi, itasakanikirana ndi nsapato, wogulitsayo akuyesa kuti ndi zogwirira mapoto otentha. Mapeyala awiri amenewa ndiwo anali chuma chathu chonse. Tinkachita masewera m'holo yakale yopanda mawindo, ndipo kiyi wa kachipinda kosungiramo katundu ankakhala m'thumba mwanga.

Bwana wanga watsopano anali a Nyirongo, amene ankakhala ku boma n'kumabwera pa njinga yamoto kamodzi pamwezi. Anali munthu wabwino, wachangu, wofuna kuti dzina la dera lathu limveke. Tsiku lina anabwera ndi mphatso yochokera kwa mlendo wina wa ku malo ogona alendo a ku Nkopola: magolovesi ofiira, apulasitiki, omata, onyezimira moti umadziona nkhope. Pamkono panalembedwa nambala 10, koma nditawaika pa sikelo ya ogula nsomba, sanafikepo n'komwe. Siponji yake inali yopyapyala. A Nyirongo ankawakonda pojambulitsa zithunzi. Ine ndinkawalola pa thumba pokha.

Anthu anga ku Nkope anali asodzi. Ankabwera dzuwa litakwera, atagulitsa usipa, asanapite kokagona. Mapewa awo anali opangidwa ndi kukoka ukonde wa chilimira, ndipo zikhatho zawo zinali zolimba ngati khungwa. Mwa onsewo, awiri ndi amene nkhani ino ikuwakhudza. Woyamba anali Twaibu, Msilamu, wamtali, wa chifuwa chachikulu, wosalankhulalankhula. Akamenya thumba phokoso lake linkamveka ngati nkhafi yagunda bwato, ndipo amayi ogulitsa tomato kunja ankasiya nkhani zawo. Anathyolapo nthiti ya munthu atavala nambala 16, ndipo anakhala sabata yonse akumupititsira nsomba kunyumba. Wachiwiri anali Yohane, mlamu wake, amene anakwatira mlongo wake wa Twaibu. Yohane anali wochepa thupi, wa pakamwa posatseka, ndipo ankaimba nafe m'kwaya. Palibe wina amene ankalola kuyeserera ndi Twaibu koma iye.

"Alamu, lero mundisiyireko mano," ankatero ndikumumanga zingwe. "Mlongo wanu wakazinga chimanga."

"Mano ndikusiyirani," ankayankha Twaibu. "Lilime ndi limene ndikulifuna."

Twaibu nyanja sankaifuna. Mkulu wake anamira ndi mwera ali m'boti limodzi, ndipo kuyambira pamenepo ankapita kumadzi ngati munthu wopita kundende. Anandiuza kamodzi kokha, tikupachika magolovesi pa mtanda wa denga kuti apitidwe mphepo. "Ambuje," anatero, monga Ayao amatchulira munthu amene akumulemekeza, "ine ndikufuna ntchito yoti pansi pake pakhale dothi." Njira imene ankaiona inali imodzi: asilikali ankatenga anthu odziwa nkhonya. Ndipo zaka zake zinali zitafika pamalire. Chaka chimenecho chikanadutsa, sakanamulandiranso.

Ku Nkope, Okutobala wa chaka chimene Madalitso anabadwa

Kalata inabwera yonena kuti kapitawo wina wa asilikali, amene ankasankha anthu a nkhonya, adzadutsa kwathu Loweruka m'mawa, ndipo adzaima ola limodzi. Malo anali a munthu mmodzi. Aliyense ankadziwa kuti munthuyo ndi Twaibu.

Lachiwiri la sabata imeneyo Yohane anatuluka magazi m'mphuno, ndipo anadontha pa peyala imodzi yakuda, ija ya pa kaunjika. Titamaliza, Twaibu anandipempha kuti aitenge akaiyeretse. Ndinamupatsa. Ndinkaganiza kuti akaipukuta ndi kansalu konyowa n'kuipachika pamthunzi, monga ankandionera ine ndikuchita. Sindinamuuze ndi pakamwa, ndipo kulakwa kumeneko ndi kwanga. Msodzi chinthu akachikonda amachisamala monga amasamalira ukonde. Twaibu anakawaviika m'nyanja, nawachapa ndi sopo mpaka thovu litatuluka m'kati, kenako nawayanika pa thandala, pakati pa usipa, padzuwa la Okutobala, masiku atatu, akuwatembenuza m'mawa ndi masana kuti aume mofanana.

Anabwera nawo kunyumba kwathu Lachisanu masana pochokera ku mzikiti, atawakulunga m'nsalu yoyera, nkhope ikuwala. "Magazi ndi najisi, ambuje," anatero, kutanthauza chinthu chodetsa. "Mlendo wamkulu aone kuti kuno ndife anthu aukhondo." Analidi oyera kuposa tsiku limene tinawagula. Ndinavala limodzi. Chikopa chinalira ngati tsamba louma. Zam'kati zinali zitaundana m'timibulu tolimba ngati makaka, ndipo pamalo omenyera panalibe kanthu. Ndinadina ndi chala, ndipo ndinawerenga mafupa anga onse anayi. Twaibu ankayang'ana chala changacho. Kudina kumeneko ankakudziwa tanthauzo lake, poti anali atandiona ndikuchita zaka zinayi. Anakhala pansi pa chiwundo.

Iye atapita, mayi anu anayesa. Anakhala pakhonde, iwe Madalitso uli kumsana, natsegula msoko, napaka mafuta, nayesa kulowetsamo thonje la m'matiresi. Ndimawaonabe mpaka lero, mutu ataweramitsa, ulusi uli pakamwa, kuwala kwa masana kukudutsa m'masamba a nimu n'kumayendayenda pa manja awo. Patapita nthawi anaika golovesi lija pa mwendo.

"Bambo a Tiyamike, chikopachi chafa. Singano ikungong'amba."

"Ndaona."

"Ndiye mwatsala ndi akuda amodzi ndi ofiira aja. Anthu ndi awiri. Muveka ndani ati?"

Ndinati sindikudziwa. Anandiyang'ana nthawi yaitali. "Mukudziwa," anatero. "Mukungofuna wina akuuzeni zina."

Loweruka kapitawo anafika pa galimoto, a Nyirongo akutsogola pa njinga yawo. Holo inadzaza, ena anakwera m'mazenera opanda magalasi aja. Pamene mlendo ankamwa madzi, ife tinali kukachipinda ka katundu, anthu anayi, mapeyala awiri ali pa benchi. A Nyirongo atamva zimene zinachitika anagwira mutu, kenako anaganiza mwachangu monga mwa chikhalidwe chawo.

"Palibe vuto. Ofiirawa avale Twaibu. Mlendoyu wabwera kudzaona iyeyu. Manja ake aoneke liwiro."

"Bwana," ndinatero, "ofiirawa m'manja mwa Twaibu ndi chimodzimodzi nkhonya yosavala kanthu. Yohane ndi wochepa. Tilibe chipewa choteteza mutu, tilibe choteteza mano, ndipo chipatala chili kutali."

"Mupatseni, aphunzitsi," analowerera Yohane. "Nkhope yangayi ndi yoipa kale, palibe chimene angaionjezere. Mlongo wake anandikonda chifukwa cha mawu."

Palibe anaseka. A Nyirongo anati, "Chabwino, asinthane. Chigawo choyamba chokha Twaibu avale ofiira, mlendo aone, kenako asinthe."

"Nthiti ija inathyoka pa chigawo choyamba, bwana. Ndipo anali atavala olemera."

"A Kamwendo, munthuyu mwayi wake ndi wa lero lokha. Mukudziwa zimenezi?"

"Ndikudziwa."

"Ndiye ndikukulamulani."

Sindinazolowere kutsutsa akuluakulu. Ndinati, "Ofiirawa ndi omata, bwana, mukhoza kumuveka nokha, safuna ine. Koma wezulo muimbenso nokha." Ndinachotsa wezulo m'khosi ndi kuika pa benchi pafupi ndi magolovesi aja.

A Nyirongo anayang'ana wezuloyo, anayang'ana Yohane, kenako anatuluka osaitenga. Nthawi yonseyi Twaibu anali asanatsegule pakamwa. Maso ake anali pa ofiira aja. Ndikukhulupirira kuti akanawapempha yekha, kaya ndi liwu limodzi, mwina ndikanagonja. Koma iye ndi amene anapha magolovesi enawo, ndipo manyazi anamumanga pakamwa. Ndinatenga akuda a Sajeni, iye anatambasula manja, ndipo ndinamumanga zingwe, boo ndi boo, iye akuyang'ana kukhoma.

Zigawo zitatu zimenezo zimandibwerera ngati zinthu zochitikira pansi pa madzi. Phokoso la anthu ndimalimva lili kutali. Fumbi linkayandama m'kuwala kolowera pa zenera, ndipo m'fumbimo manja a Yohane ankauluka, ofiira, opepuka, akugunda pamphumi pa Twaibu n'kubwerera asanaonedwe. Yohane sankafuna kudzionetsa. Ankangomenya monga mwa masiku onse, koma masiku onse ankakhala atanyamula nambala 16, ndipo tsiku limenelo manja ake anali ngati amasulidwa. Nkhonya zake sizikanamupweteka Twaibu, ndiye chifukwa chake ndinamuveka ofiirawo. Koma zinkaoneka, ndipo zinkamveka, phaa, phaa, chifukwa pulasitiki imalira kuposa chikopa. Twaibu ankamutsatira pang'onopang'ono ngati munthu woyenda m'matope. Pa chigawo chachiwiri nkhonya yake imodzi yakumanja inapeza Yohane pachibwano. Yohane anakhala pa chingwe, maso atayera. Kenako anapukusa mutu, naimirira akuseka. Ndinayang'ana golovesi lakuda lija, ndi kukhuthala kwake konse, ndipo ndinathokoza Mulungu mumtima. Koma Twaibu nayenso anali ataona maso a mlamu wake, ndipo dzanja lamanjalo sanaliponyenso ndi mphamvu. Pa chigawo chachitatu kutentha kunamugwira, magolovesi anamwa thukuta n'kulemera koposa, ndipo manja ake anatsika mpaka m'chiuno. Ndinaimba wezulo.

Kapitawo anatulutsa kabuku. Analoza Yohane. "Wamng'onoyo dzina lake ndani?"

A Nyirongo anathamangira pafupi, nayamba kufotokoza za magolovesi. Kapitawo anawamvetsera mpaka anamaliza. Anali munthu wodziwa ntchito yake. "Ndaona kuti wamkuluyo wavala olemera," anatero. "Mwina akanavala enawo ndikanaona zina. Koma sindingalembe zimene sindinaone. Ndaona miyendo ya uyu ndi manja a uyu, ndipo ndaona kuti akagwa amadzuka. Malo ndi amodzi."

"Bwana, mwalakwitsa munthu!" anakuwa Yohane. Nthabwala zinali zitamuthera. "Ine ndimangomuthandiza. Ine nyanja ndimaikonda. Tengani alamu angawa, ine ndine thumba chabe!"

Twaibu anamuyandikira, namugunda paphewa ndi golovesi lija mofatsa. "Khalani chete, alamu. Mupita. Mlongo wanga adyeko za boma."

Kenako anatembenukira kwa ine, chifukwa magolovesi a zingwe munthu sangavule yekha. Anaima patsogolo panga, manja atatambasula, thukuta likudontha pachigongono, anthu akutuluka m'holo kumbuyo kwake. Mfundo zinali zitanyowa n'kulimba, ndipo zinanditengera nthawi yaitali. Nditamaliza anasolola manja, anaika magolovesi aja pa benchi bwinobwino, kukamwa kwa magolovesiwo kutayang'ana kumphepo monga ndinkafunira, natuluka. Kuholo sanabwerenso.

Ku Nkopola, zaka zotsiriza

Chaka chotsatira a Nyirongo anandisamutsira ku Nkopola. Sindikuganiza kuti chinali chilango kwenikweni, ngakhale m'fayilo yanga analembamo kuti ndine munthu wovuta kumulangiza. Patapita zaka tinakumana pa maliro ena, ndipo anandigwira dzanja nthawi yaitali, koma za tsiku lija sitinakambe. Ku Nkopola ndinkaphunzitsa alonda ndi operekera zakudya a m'malo ogona alendo. Nthawi inali itasintha. Magolovesi anayamba kupezeka m'masitolo ndi pa kaunjika, abuluu, agolide, ena olembedwa mayina aatali. Anthu ankabwera nawo kudzandifunsa ngati agula bwino. Ndinkawafunsa kaye kuti akufuna kumenya chiyani, thumba kapena munthu, ndipo ngati ndi munthu, wamkulu bwanji. Kenako ndinkatseka maso n'kudina. Ambiri ankabwerera okhumudwa, chifukwa okongola aja kawirikawiri ndiwo ankakhala opanda kanthu m'kati.

Yohane anakakhala msilikali, ndipo zinamuyendera. Nkhonya sanapite nazo patali, koma ntchito anaigwira mpaka kupuma, anamanga nyumba yamalata, ndipo ana ake onse anaphunzira. Ankanditumizira moni chaka ndi chaka. Twaibu anakhalabe pa nyanja. Ndinkamva za iye kwa ogula nsomba: kuti chingwe cha chilimira chinamudula zala ziwiri, kuti boti lawo linagubuduka kawiri iye n'kupulumuka, kuti msana unayamba kumuvuta. Mwera ukamaomba ndili kuntchito, ndinkasiya zimene ndikuchita n'kumupempherera pomutchula dzina. Mayi anu ankadziwa. Ankati ndikaima pakhomo n'kumamvetsera mphepo, ankangondibweretsera mpando. Pa matenda awo omaliza, tsiku lina masana ali gone pamkeka, anandiuza kuti, "Mukapite kwa munthu uja. Mwakhala mukulankhula ndi Mulungu za iye zaka zonsezi, koma iye mwini simunalankhule naye." Ndinalonjeza. Koma atamwalira ndinakhala zaka zinayi ndisanapite kulikonse kupatula kutchalitchi ndi kumanda.

Ana anga, funso limeneli ndalitembenuza nthawi zambiri. Ndikanamuveka ofiira aja, mwina Yohane akanangogwa n'kudzuka, Twaibu n'kutengedwa, zala zake zonse zilipo. Mwinanso nkhonya ya pachibwano ija ikanasiya mkazi wamasiye, ndipo Twaibu akanakhala moyo wake wonse ali munthu amene anapha mwamuna wa mlongo wake. Sindikudziwa, ndipo palibe sikelo yoyezera zimenezi. Chimene ndikudziwa n'chakuti mtengo wa chisankho changa sindinalipire ine.

Ku Nkope, chaka chatha

Ndinapita m'mwezi wa Seputembala, pa minibasi, ndipo kotsalako ndinakwera kabaza. Holo ija anaigwetsa, pamalopo pali chigayo. Ndinafunsa amayi ena, ndipo anandilozera kumtengo waukulu wa mkuyu, kumene amuna amasokera maukonde masana. Ndinamupeza ali yekha pa mkeka, ukonde atauyala pa miyendo, chala cha kuphazi chitakola chingwe. Tsitsi ndi ndevu zinali zoyera, koma mapewa anali omwe aja. Ndinaima padzuwa, chipewa chili m'manja, ndi kupereka moni. Anakweza mutu, nandiyang'ana kuyambira kunsapato.

"Ambuje Kamwendo," anatero. "Mwafupika."

"Nanunso mwayera, Che Twaibu."

"Za amayi ndinamva. Pepani. Anali ndi manja abwino."

Ndinathokoza. Anapitiriza kusoka ndi zala zake zotsalazo, mfundo ndi mfundo, osafulumira. Nkhuku inadutsa pakati pathu. Ndinali nditakonza mawu ambiri m'minibasi, koma onse anabalalika, ndipo ndinangoti ndabwera chifukwa cha tsiku lija.

"Tsiku liti? Masiku achuluka."

"La kapitawo."

"Ooh." Anakoka ulusi ndi mano. "Alamu anga anabwera mwezi watha, mimba ili uko. Akuti shuga. Kudya za boma." Anaseka pang'ono, kenako kuseka kunatha. Anaika ukonde pansi. "Ndikufunseni chinthu chimodzi, ambuje. Ndakhala ndikuchifunsa madzi zaka zonsezi, koma madzi sayankha. Litabwereranso tsiku lija, inu mukudziwa zonse zimene zinatsatira, zala izi, msana uwu, mungandiveke ati?"

Ndinayang'ana dzanja lake lija. Ndinadziwa yankho limene likanamupepuza mtima, ndipo linali lalifupi, losavuta kunena. Ndinapemphera kamphindi ndili chiimire.

"Akuda omwe aja," ndinatero.

Ndinayamba kuganiza zovala chipewa changa n'kumapita. Kenako Twaibu anapukusa mutu, ndipo mapewa aja anayamba kugwedezeka ndi kuseka.

"Wallahi, munthu uyu," anatero. "Mwakwera minibasi, mwakwera kabaza, mwakalamba chonchi, ndipo simungathe kunama ngakhale kamodzi kuti mnzanu apeze tulo?"

"Sindingathe, Che Twaibu."

"Ndimadziwa. Mukanati ofiira, ndikanakuthamangitsani." Anakoka ukonde uja kuuchotsa mbali imodzi ya mkeka, nasasa mchenga ndi chikhatho. "Chokani padzuwapo. Khalani apa, mugwire uku, ukondewu ndi wautali."

Ndinavula nsapato, ndinakhala, ndipo ndinagwira.